Tsiku Limene Tinawotcha Namakhwa

Ndikukumbukira tebulo la miyendo itatu limene linkakhala kuseri kwa nyumba yathu, kumudzi kwathu m'munsi mwa phiri la Michesi. Mwendo wachinayi unadyedwa ndi chiswe, ndiye m'malo mwake tinasanjapo njerwa. Akuluakulu ankaliona ngati loyanikapo makaka basi, koma kwa ife ana tebulo limenelo linali Phalombe yense. Mchemwali wanga wamkulu, a Felesiya, analijambula ndi makala: kumutu kwake Michesi ndi Mulanje, pakati pa mapiriwo mpata wa Fort Lister, kenako chigwa ndi minda ya mpunga, ndipo kumapeto kwenikweni, kumene thabwa linang'aluka, nyanja ya Chilwa. Mvula ikafufuta ankajambulanso. Chaka chimene nyanja yeniyeniyo inaphwa, anthu n'kumadutsa ndi njinga pamene kale pankayenda mabwato, ya patebulo pathu inali yodzaza ndithu, ng'ona ndi mvuu zili momwemo.

Masewera athuwo tinkawatcha Ulendo. Ena ankati anabwera ndi ana a anthu othawa nkhondo ku Mozambique, koma achemwali ankakana kwamtuwagalu, ankati anachita kuwalota iwowo. Aliyense ankaumba munthu wake wadongo n'kumupatsa dzina ndi ntchito, kaya msodzi, kaya mlenje, kaya wogulitsa matemba panjinga. M'chifuwa mwake tinkakwiriramo njere imodzi ya chimanga. Umenewo ndiwo unali mtima, ndipo munthu wopanda mtima sankaloledwa kukwera patebulo.

A Felesiya analibe munthu wawo. Iwo anali mvula, njira, galu wachiwewe, mphepo ya panyanja ndi china chilichonse chimene munthu angakumane nacho akachoka pakhomo. Ankakhala pamtondo wogadabuza, n'kukuyang'ana m'maso osaphethira, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Bwato lako likudontha, kutsogoloko mvuu yatulutsa makutu. Utani?" Unkayankha chimene wafuna, kupalasa chobwerera, kukuwa, kupemphera, kenako n'kuponya makoko anayi a mtedza. Onse akagwa chagada, zako zayenda. Ena chagada ena chafufumimba, wapulumuka koma wataya kanthu, mwina nkhafi, mwina mwendo. Onse anayi akagwa chafufumimba pamalo oopsa, munthu wako wafa.

Ndipo imfa inali imfa ndithu. Mwini wake ankamunyamula yekha n'kumuika m'chitini cha madzi, tonse titaimirira kumuonerera akusungunuka, mphuno kaye, kenako mapewa, mpaka madzi onse ade. Dayitoni, mnzanga wa nyumba yoyandikana, ndiye ankatsogolera nyimbo ya maliro ndi besi imene analibe. Njere ija tinkaitola n'kuikwirira kuseri kwa khola la mbuzi. Dongo likadikha pansi pa chitini tinkatsanula madzi, ndipo likaumako pang'ono mwini wake ankaumba mwana wa malemuyo. Mwanayo ankatenga dzina ndi bwato, n'kulandira mtima watsopano, ulendo n'kuyambira pakhomo.

Munthu wanga anali msodzi, dzina lake Namakhwa. Woyamba anandiumbira ndi bambo anga, atadwala kale, masiku amene sankathanso kupalasa njinga kupita kunyanja kukapikula nsomba. Dongo lake linali lakuda, la kunyanja komweko, limene anachita kulikokota m'madigadi a njinga yawo atakhala pakhonde. Atamwalira, abale awo anabwera n'kutenga njingayo, wailesi ndi jekete. Dongo lija palibe analifunsa, ndiye linatsala ndi ine.

Namakhwa woyamba anadyedwa ndi ng'ona. Wachiwiri anagwera m'mbuna pa mpata wa Fort Lister akuthawa njati imene achemwali anaitulutsa m'tchire popanda chenjezo. Vuto linali lakuti pa imfa iliyonse dongo lina linkapita ndi madzi otsanula aja, lina n'kutsalira m'zikhadabo. Anzanga ankangowonjezera la pachulu, koma ine ndinkakana kusakaniza la bambo ndi lina lililonse. Choncho Namakhwa ankanka nachepa. Woyamba anali wonenepa ngati chala chachikulu cha bambo, wachitatu anali atatsala pang'ono kufanana ndi kachala kanga kakang'ono. Ndinkaona ndi maso kuti imfa zina zingapo, m'chitini mudzatsala madzi okhaokha.

Ndiye ndinasanduka wamantha wosaneneka. Achemwali akati, "Kunyanja kwachita bata, matemba akuwira, utani?" ine ndinkati Namakhwa akusoka ukonde. Mawa lake akusokabe. Dayitoni anamupatsa dzina lakuti msodzi wa pamtunda, ndipo ankati ukonde umenewo ukadzatha kusokedwa udzakuta boma lonse. Zinkandiwawa, koma ndinkapirira, chifukwa munthu wanga anali moyo.

Tchuthi china cha chilimwe kunabwera msuweni wathu Makisi, mwana wa amalume a ku Ndirande. Anali wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo, ankavala nsapato ngakhale popita kuchimbudzi, ndipo m'thumba mwake munali dayisi yoyera ya timadontho takuda. Tsiku loyamba anatipeza tili pamaliro a munthu wa mwana wina, Dayitoni ali pakalikiliki ndi besi yake. Makisi anaseka mpaka kutsokomola.

"Aise, inu mukadali mu ulamuliro wakale eti?" anatero. "Munthu mmodzi yekha n'kumagamula kuti uyu afe, uyu asafe? Zinatha zimenezo. Ano ndi matipate!"

Masiku amenewo mawu akuti matipate ankatsegula chitseko chilichonse. Mwana akakana kukatunga madzi ankati matipate, mbuzi ikalowa m'munda wa eni anthu ankati nayonso yamva za ufulu. Ndiye palibe anamutsutsa. Patapita masiku awiri Makisi anatulukira ndi katoni ya sopo yoitambasula, ataijambula mabokosi ndi rula ndi bolopeni, bokosi lililonse ndi nambala yake. Michesi inalipo, Chilwa inalipo, koma zonse zinali zamakona anayi. Anati umenewo ndi Ulendo watsopano, wakalewo ndi wa agogo.

Tinayamba kusewera tili chinunu, maso ali pa dayisi. Posakhalitsa mlenje wa Dayitoni anaponda bokosi la ng'ona. Tonse tinaimirira, wina n'kuthamangira chitini, Dayitoni n'kuyamba kukonza kukhosi.

"Khalani pansi inu," anatero Makisi. "Sanafe ameneyo, ali ndi malayifu atatu, miyoyo itatu. Akatha onse, aponye sikisi, adzuka."

Munthu wodyedwa ndi ng'ona n'kudzuka, popanda ngakhale pemphero? Dayitoni anayang'ana kumwamba kaye ngati kugwa chinthu, kenako anaponya, sikisi inabwera, mlenje uja n'kupitiriza ulendo wake wopanda ndi bala lomwe. Tinayang'anana kukamwa kuli yasa. Tsiku lomwelo ndinaona zina zimene sindinaziyembekezere: msodzi ankatha kusanduka msilikali pakati panjira, wogulitsa matemba anagula ndege, ndipo mvuu ikakugunda unkangodumphidwa ulendo umodzi woponya. Tisanamwazikane Makisi anaitanitsa voti yosankha pakati pa tebulo ndi katoni. Manja onse anakwera ku katoni, langa linali loyamba. Ndinali nditawerengera kale kuti kopanda imfa kulibe chitini, ndipo kopanda chitini dongo langa silichepanso. A Felesiya sanakangane ndi munthu. Anangotenga lichero la makaka n'kuwayanika patebulo, kuyambira pa Michesi mpaka kunyanja.

Ndisanamizire, Ulendo wa Makisi unali ndi zabwino zake. Unkatha msanga, ana aang'ono ankasewera nawo osalira, ndipo panalibe zonena kuti achemwali akondera. Namakhwa analowa m'nyanja koyamba pa miyezi yambiri, ng'ona inamudya kangapo masana amodzi, iye osasintha ndi nkhope yomwe. Koma pofika tsiku lachitatu ndinazindikira kuti palibe ankandifunsanso kuti utani. Dayisi ndiyo inkayenda, ife tinkangonyamula anthu athu kuwapititsa kumene yanena. Nyanja ya pakatoni inalibe mphepo, inalibe fungo la matope, inali nambala chabe. Patebulo paja, achemwali akangotsitsa mawu, m'manja munkachita thukuta, makoko n'kumamatirira. Pakatoni ndinkaponya uku ndikudya mango. Mumtima ndinkadziwa kuti wakale uja ndiye anali masewera, koma ndinkadziuza kuti bola kunyong'onyeka kusiyana ndi kutaya dongo la bambo.

Chimene chinavuta n'chakuti powerenga mabokosi tinkagogoda anthu athu pakatoni, wani, thu, fili, ndipo dongo losawotcha silipirira zimenezo. Manja anayamba kuthothoka, mitu kugweluka. Tsiku lina ndinapeza tinyenyeswa takuda m'thumba la kabudula wanga. Namakhwa ankathabe, kungoti tsopano ankatha wopanda maliro.

Makisi anali ndi yankho msangamsanga. "Anthu osafa sangakhale aawisi, mani. Tiwawotche ngati njerwa. Akapsa akhala mpaka kalekale, ana anu adzawapeza."

Mawu amenewo anandilowa ngati madzi ozizira pakhosi. Namakhwa wolimba, wosathothoka, wosasungunuka, wokhala m'thumba mwanga mpaka ndidzakule! Ndinathamangira kwa a Felesiya, amene ankasenda chinangwa pakhonde, n'kuwauza. Anaganiza pang'ono n'kuti, "Munthu ndi wako, Lusiyano. Akapsa udzandionetse." Nawonso sankaona choopsa chilichonse.

Popeza ankapita kukakhala mpaka kalekale, tinagwirizana kuti apite akuoneka bwino. Tinanyowetsa zala n'kuwasalaza, othyoka manja tinawalumikiza, Dayitoni anamuumbiranso mlenje wake chipewa. Ine ndinamunyowetsa Namakhwa thupi lonse, ndinamukonza mphuno imene inali itaphwatalala, ndinatolera ndi tinyenyeswa ta m'thumba tija n'kumumata kumsana kuti pasatayike kanthu. Zodikira kuti aume panalibe amene anaziganizira. Masana omwewo, dzuwa lili paliwombo, tinakumba kadzenje kuseri kwa nkhokwe, tinayalamo zitsononkho ndi mapesi, n'kuimika anthu athu pamzere, zitsononkho zina pamwamba. Makisi ndiye anayatsa.

Moto unagwira bwino. Utsi unali wa fungo lokoma, ngati la chimanga chowotcha, ndipo tinakhala mozungulira tikukangana kuti wa ndani adzatuluka wofiira kwambiri. Dayitoni anayamba kung'ung'udza nyimbo yake ija mwachizolowezi, Makisi n'kumuletsa kuti pano si pamaliro.

Kenako tinangomva phuu! Mutu wa mlenje wa Dayitoni, ndi chipewa chomwe, unauluka n'kukamenya nkhokwe. Tisanamvetse chachitika, phuu winanso, phulusa ndi makala zili mbwee, kachidutswa kotentha n'kumugwera Makisi pa katumba. Analumpha n'kukuwa mawu amene ku Ndirande kokha ndiko amawadziwa. Nkhuku zinabalalika zikulira, mbuzi inadula chingwe, ana aang'ono anathawa osayang'ana m'mbuyo. Anthu athu ankaphulika mmodzimmodzi, pamzere womwe tinawaimika uja, ngati wina akuwaitana mayina.

Ine sindinathawe. Ndinatola kamtengo n'kuyamba kufukula motowo, nsidze zikupsa, ndikuitana Namakhwa ngati angandiyankhe. Ndinamuona ali chiimire pakati pa makala, atafiira mbali imodzi, mphuno yake yatsopano ija ili bwinobwino. Ndinamukhudza ndi kamtengo kuti ndimukokere kunja. Popeza anali wamng'ono kuposa onse, sanachite phokoso. Anangoti tha, chifuwa n'kutseguka, iye n'kugwa zidutswazidutswa.

Amayi anafika akuthamanga, mpeni wosendera chinangwa uli m'manja, a Felesiya ali pambuyo pawo. "Kwagwanji kuno? Mfuti zimenezo?" Makisi ankadzipaka malovu pamene anapsa paja, maso ali tong'o, kenako anatembenukira kwa ife.

"Koma inu, m'zidolemu munaikamo chiyani?"

"Mtima," anatero Dayitoni.

"Mtima wa chiyani?"

"Wa chimanga. Nanga munthu angakhale wopanda mtima?"

Makisi anagwira m'mutu. Masiku onse aja palibe anamuuza za njere zija, chifukwa kwa ife sichinali chinthu chouzana, aliyense ankadziwa. Kaya zinali njerezo, kaya kunyowa kwa dongo, kaya zonse pamodzi, mpaka lero timatsutsana. Chimene ndikudziwa n'chakuti Dayitoni pofukula phulusa anapeza mtima wa mlenje wake utasanduka mbuliwuli. Anauyang'ana nthawi yaitali, osadziwa ngati aukwirire kapena atani, kenako anauponya m'kamwa uku misozi ikutsika.

Moto utazilala ndinatola zidutswa za Namakhwa. Sizinali zakudanso, zinali zofiirira, zolimba, zikagundana zinkalira ngati mapale. Ndinangoima nazo m'manja, mutu utaima. A Felesiya anachoka n'kubwera ndi chitini chija chodzaza madzi.

"Muike, timuimbire," anatero. "Mawa umuumba mwana wake."

Ndinamva kupepuka pang'ono. Ndinaponyamo zidutswazo, tonse tinaimirira monga kale, ndi Makisi yemwe, manja kumbuyo. Dayitoni anaimba nyimbo yonse mpaka kumapeto. Tinasuzumira m'chitini, madzi ali mbee. Anayambiranso. Tinthovu ting'onoting'ono tinkatuluka m'zidutswamo, ine n'kumati zayamba, koma tinthovuto titatha zidutswa zinali gone pansi, m'mphepete mwake muli mwakuthwa monga ndinaziikira. Nyimbo inathera m'kamwa.

Chitinicho ndinachibisa pansi pa nkhokwe, ndipo m'mawa uliwonse ndinkakachiona. Ndinayesa madzi ofunda. Ndinayesa kukanda ndi chikhadabo, chikhadabo ndicho chinathyoka. Amayi atandipeza ndikuvundula ndi kamtengo anasuzumiramo, ndipo ndikhulupirira anazindikira kuti linali dongo liti, chifukwa sanandikalipire za mbuzi ija. Anangondigwira paphewa n'kuti, "Munaliwotcha, mwananga, lapsa basi. Silingafewenso." Pamenepo ndinalira kwambiri kuposa mmene ndinalirira pamaliro a bambo, chifukwa pamaliro paja ndinali wamng'ono, ndinkangodabwa ndi kuchuluka kwa anthu pakhomo pathu. Tsiku la chitini ndi limene ndinamvetsa kuti apita.

Makisi anabwerera ku Ndirande ndi chipsera chake, dayisi anapita nayo, katoni inadyedwa ndi mbuzi. Tinabwerera kwa a Felesiya mitu ili pansi. Anatizunza kaye masiku angapo, ati makaka awo sanaume, kenako tsiku lina tinapeza tebulo lasesedwa, nyanja yajambulidwanso. Voti sinachitike. Ine ndinakatapa dongo pachulu n'kuumba mayi wogulitsa zitumbuwa. Ameneyo ankawoloka Chilwa ndi mphepo yomwe, anafa kambirimbiri, ana ake ndi zidzukulu zake n'kumapitiriza. Koma dzina la Namakhwa sindinalipatsenso munthu wina.

Masiku ano ana anga amasewera pafoni. Munthu wawo amawomberedwa, amagwera m'phompho, amapsa ndi moto, n'kudzuka asanathe ndi kuphethira komwe, iwo nkhope zili gwaa ngati akuwerenga nambala za basi. Akatulutsa mtundu watsopano wa masewerawo amaunyadira, wakalewo n'kuufufuta tsiku lomwelo. Ndikawauza kuti ife tinali ndi masewera amene munthu wako akafa unkamuimbira nyimbo, amaseka, amati, "Adadi, ndiye zinali zobowa bwanji!" Ndimawasiya, chifukwa nanenso ndinakwezapo dzanja kusankha zosafa, ndipo ndikudziwa mmene zimakomera poyamba.

Ine ndi Makisi tonse tamera imvi, koma tikakumana paukwati kapena pamaliro nkhaniyi siilephera. Iye amaumirirabe kuti Ulendo wake unali wabwino, wachilungamo, kuti cholakwa chinali chimanga chathu. Ndimamuvomera kuti unali wachilungamo. Kenako ndimamuuza kuti wakale uja unkapha anthu, inde, koma unkatibwezera dongo. Namakhwa akanafa imfa yakale ija, ya ng'ona ndi chitini, akanachepa ndithu, mwina kufika pa kanjere ka nandolo, koma bwenzi lero ndili naye.